Ndinamutumiza ku maphunziro, koma ntchito sinasinthe

Funso: Ndili ndi shopu ya ukalipentala ku Chinamwali. Ndinalipirira mnyamata wanga mmodzi maphunziro a miyezi ingapo, koma chibwerereni akukhoma mipando monga kale. Kodi ndalama zanga zinalowa m'madzi?

Yankho: Bambo, musanamukalipire mnyamatayo, yang'anani kaye mmene mumamulipirira. Akalipentala ambiri kuno amalandira malinga ndi zitseko kapena mipando imene amaliza. Kusukulu anamuphunzitsa kuyeza mosamala, kugwiritsa ntchito sikweya, kudikira guluu agwire asanachotse zopanira. Zonsezi zimadya nthawi. Ngati kutsatira zimene anaphunzira kukutanthauza kupita kunyumba ndi ndalama zochepa madzulo, adzazisiya, ndipo ine sindingamudabwe.

Kenako matabwa. Paini wa m'phiri la Zomba nthawi zambiri amafika pamsika asanaume. Mnyamatayo akudziwa kuti thabwa lauwisi limapindika, koma wogula matabwa ndi inu, wolonjeza kasitomala kuti bedi lituluka Loweruka ndi inunso. Iye anganene chiyani? Sungani matabwa ena pamthunzi, mutawayala motalikirana kuti mphepo izidutsa, ngakhale zimenezi zimangirira mpamba kwa kanthawi.

Palinso mmisiri wamkulu wa pashopupo. Ngati amamunyoza kuti "zakusukulu zimenezo", wamng'ono sangalimbane naye. Lankhulani ndi wamkuluyo panokha, mwaulemu, kuti asaone ngati akulandidwa malo. N'chifukwa chake maphunziro a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja limene linakhazikitsidwa mu 1999, amasinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi ya pantchito, monga amachitira ophunzira a pasukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa: luso limakhazikika pamene pali womulola munthu kulichita. Olemba ntchito amapereka msonkho (levi) wa 1 peresenti ya malipiro a antchito kuti maphunzirowa aziyenda, choncho kupita kukafunsa nzeru ku TEVETA si kupempha chifundo.

Chitani izi mwezi uno. Mufunseni zida ziwiri zimene akuzisowa kwambiri, mugule chimodzi. Mupatseni oda imodzi, kaya tebulo, aipange yekha mwa njira yatsopanoyo, mumulipire pa tsiku. Lembani m'kope matabwa amene alowa, masiku amene atha ndi mtengo umene kasitomala wavomera, kenako mufanizire ndi tebulo lopangidwa mwa kale. Muwerengerenso katundu amene amabwezedwa kuti akonzedwe, chifukwa phindu lambiri limathera pamenepo mwini shopu osazindikira.