Injini ikamakwera ndi kutsika yokha galimoto ili chiimire: yankho kwa mwini Mazda MX-5 yakale

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi Mazda MX-5 ya chaka cha 1991, ya injini ya malita 1.6, imene akuti aisamalira kwa zaka zambiri. Akudandaula kuti injini ikatentha, iwo n'kuima ndi kuchotsa phazi pa faya, singano ya ma rev (yoonetsa liwiro limene injini ikuzungulira) imakwera kufika cha pa 1,800, kenako imagwa mwadzidzidzi kufika cha pa 1,000, n'kukweranso, ndipo imachita zimenezi mosalekeza ngati kuti pali munthu amene akuponda ndi kusiya faya. Asintha kale mapulagi ndi fyuluta ya mpweya, apotokolanso sikuluwu ina pa throttle body (khomo lolowera mpweya m'injini), koma palibe chasintha. Akufunsa ngati agule valavu yatsopano ya idling (kulira kwa injini phazi lisali pa faya), kapena ngati kompyuta ya galimotoyo yafa. Chakumapeto kwa kalatayo atchula mongodutsa kuti masabata angapo apitawo anasintha payipi ya rediyeta imene inkadontha.

Bambo, musagule kaye chilichonse. Kompyuta yanu sindikuikayikira, chifukwa zimene mwafotokozazo zikuonetsa kuti ikugwira ntchito yake, ndipo mfundo imene mwaitchula mongodutsayo ndi imene yandikoka kwambiri.

Ndiyambe ndi kufotokoza chimene chimachitika mkatimo, popeza mukachimvetsa mudzadziwa nokha poyambira. Mukachotsa phazi pa faya, kachitseko ka mu throttle body kamatsekeka, ndipo kaswitchi kamene kali pambali pake kamauza kompyuta kuti dalaivala sakufuna mphamvu. Kompyuta ikaona kuti kachitseko n'kotseka koma ma rev ali pamwamba, imaganiza kuti galimoto ikutsetsereka ili m'giya, choncho imadula petulo kuti asawonongeke pachabe. Ma rev akatsika imabwezera petuloyo. Tsono ngati pali mpweya wambiri umene ukulowa m'injini modutsa njira ina kachitseko kali chitsekere, injini imathamanga yokha mpaka kufika pa malire amene kompyuta imadulira petulo, imagwa, petulo amabwerera, imathamanganso, ndipo n'chifukwa chake kukwera ndi kutsikako kumakhala kofanana nthawi zonse ngati kupuma kwa munthu. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti mpweya woonjezerawo ukulowera pati.

Pa injini yanuyo pali njira zitatu zimene mpweya umaloledwa kulambalala kachitseko. Yoyamba ndi valavu ya idling imene kompyuta imaitsegula ndi kuitseka, yachiwiri ndi sikuluwu yochunira idling, ndipo yachitatu, imene anthu ambiri amaiwala, ndi valavu ina imene siyendera magetsi koma kutentha kwa madzi oziziritsa injini. Mkati mwake muli sera. Injini ikakhala yozizira valavuyo imakhala yotsegula kuti ma rev akwere, ndipo madzi otentha akayamba kudutsa m'timapayipi tating'ono topita pamenepo, serayo amafufuma n'kuitseka pang'onopang'ono. Madzi akachepa, kapena mpweya ukatsekeredwa m'njira za madzi monga zimachitikira kawirikawiri munthu akasintha payipi ya rediyeta, madzi otentha safika pa valavuyo, ndipo imakhalabe yotsegula ngakhale injini yatentha kale. Mpweya wotsekeredwawo ungathenso kusokoneza sensa yoyeza kutentha kwa madzi, imene pa galimoto imeneyi ili kumbuyo kwa hedi (mutu wa injini), kotero kuti kompyuta imalandira uthenga wosinthasintha.

Choncho yambani ndi madzi, ndipo muchite zimenezi injini itazizira bwinobwino, chifukwa kutsegula chivundikiro cha rediyeta yotentha kumawotcha koopsa. Musakhutire ndi kuona madzi m'kabotolo ka pulasitiki kapambali, chifukwa kabotoloko kakhoza kukhala kodzaza pamene rediyeta yeniyeniyo yaperewera. Imikani galimoto moti kutsogolo kukhale kokwera, thirani madzi mpaka m'khosi mwa rediyeta, lizani injini chivundikiro chili chotsegula, ndipo muzifinya payipi yaikulu yapamwamba ndi dzanja. Mudzaona tithovu tikutuluka ndipo madzi adzatsika, makamaka thermostat (valavu yotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha) ikatseguka. Pitirizani kuwonjezera mpaka tithovu titasiya ndipo fani italira. Kenako gwirani mosamala timapayipi tating'ono tija. Ngati injini yatentha koma kamodzi n'kozizira kapena kofunda chabe, madzi sakudutsamo, ndipo mwina katsekeka ndi dzimbiri. Ine ndinachotsapo kapayipi kotere pa galimoto ya zaka zofanana ndi yanu, ndipo m'kamwa mwa kachitsulo kolowetsapo kapayipiko munali matope ofiirira ouma gwa, moti ndinachita kuwatokosa ndi waya asanayambe kutuluka madzi. Idling inakhazikika tsiku lomwelo popanda kugula chitsulo chilichonse. Chenjezo limodzi lokha n'lakuti ngati tithovu sitikutha ngakhale mwayesa kwa nthawi yaitali, ndipo madzi akumachepa popanda podontha pooneka, muyezetse gasiketi ya hedi musanapitirize.

Madzi akakhala kuti ali bwino koma vuto lilipobe, funani pamene mpweya ukulowera mwakuba. Galimoto yanu imayeza mpweya ndi mita ya kachitseko imene ili pafupi ndi fyuluta, ndipo mpweya uliwonse wolowa kuseri kwa mitayo kompyuta siudziwa, choncho siupatsira petulo wokwanira. Kunena zoona, kuboola kotereku nthawi zambiri kumachititsa injini kunjenjemera ndi kusakhazikika pa ma rev otsika, mwina mpaka kuzima, kusiyana ndi kukwera kwambiri kumene mwafotokoza, koma pa galimoto imene yadutsa zaka 30 labala aliyense ndi wokayikitsa. Onani chipayipi chachikulu chochokera ku mita kupita ku throttle body, payipi ya valavu ya PCV (imene imakoka nthunzi za mkati mwa injini), payipi yopita ku booster ya mabuleki, ndiponso timapayipi tonse tating'ono tolumikizidwa ku manifodi (chitsulo chogawira mpweya ku masilinda). Kungoyang'ana sikukwanira, chifukwa mng'alu umakonda kubisala kunsi kapena m'makwinya, ndipo umaoneka pokhapokha mukapinda payipiyo muli ndi tochi m'manja. Amakaniko ambiri amapopera mankhwala otsukira kabureta m'malo olumikizira injini ikulira, n'kumamvetsera ngati kulira kwasintha. Njirayi imathandiza, koma mankhwalawo amayaka msanga, choncho muwatalikitse ku ekizozi ndi ku mawaya a mapulagi, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi. Ngati mungapeze makina opopera utsi m'manifodi injini ili yozimitsa, amenewo ndiwo abwino koposa, chifukwa utsi umatulukira pa bowo penipenipo.

Tsopano ndibwere ku sikuluwu imene munapotokola, chifukwa simunanene kuti ndi iti, ndipo pa throttle body pali ziwiri zosiyana kwambiri. Ina ndi yochunira mpweya wa idling, ndipo imeneyo ndi yololedwa kuigwira. Inayo ndi imene kachitseko kamatsamirapo kakatsekeka, ndipo inachunidwa ku fakitale kuti isamagwidwe. Ngati munagwira yachiwiriyi, mwina kachitseko sikakutsekekanso bwino, ndipo kaswitchi kaja kayenera kuchunidwanso ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) motsatira buku la galimotoyo. Ngati munagwira yoyamba n'kuimasula kwambiri, ndiye kuti munawonjezera mpweya pa injini imene inali nawo kale wambiri. Muonenso waya wa faya, amene ayenera kukhala womasuka pang'ono phazi likachoka, chifukwa akakungika amasiya kachitseko kali kotsegula pang'ono.

Kuchuna idling kumabwera pomalizira, zina zonse zitakonzeka, ndipo kuli ndi njira yake. Injini itatentha, magetsi onse ndi fani zili zozimitsa, tsegulani kabokosi koyezera kamene kali m'boneti ndipo mulumikize ndi kawaya malo olembedwa TEN ndi GND. Werengani zilembozo kawiri musanalowetse kawayako, chifukwa m'kabokosi momwemo muli malo ena okhala ndi moto wa batire. Mukatero kompyuta imasiya kuwongolera idling, ndipo mumaona mmene injini ikuyendera payokha. Iyenera kukhala pa ma rev 850, ndipo timing (nthawi imene mapulagi amayatsa moto) iyenera kukhala pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Kuyeza kumeneku kumaululanso zambiri, chifukwa ngati mwamanga sikuluwu ya mpweya mpaka pamapeto koma ma rev akukanabe kutsika, mwatsimikiza kuti mpweya ukudzera kwina, ndipo muyenera kubwerera ku valavu ya sera ija, ku valavu ya idling imene mwina yakakamira ndi mwaye, kapena ku gasiketi ya manifodi.

Valavu ya idling imene mukufuna kugulayo nthawi zambiri imangofunika kuichotsa, kuitsuka mwaye wakuda umene umamatirira mkati, ndi kuibwezera ndi gasiketi yatsopano. Tsukaninso m'mphepete mwa kachitseko ka throttle body ndi kansalu. Sensa ya kutentha kwa madzi mungaiyeze ndi multimeter yomweyo: pa kutentha kwa madigiri 20 Celsius imaonetsa ma ohm apakati pa 2,000 ndi 3,000, ndipo pa madigiri 80 imatsika kufika cha pa 300. Sensa ya okosijeni ya pa ekizozi ikakalamba imachititsa ma rev kuyendayenda pang'ono chabe, osati kulumpha ndi 800 ngati mmene yanu ikuchitira, choncho imeneyo muisiye kaye.

Ndikukupemphani kuti muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuliza injini mpaka itatentha musanagwire china, chifukwa mukagwira zinthu zinayi nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chawonjezera vuto. Mukachotsa mpweya m'madzi ndi kugwira timapayipi tija, mundilembere kuti tinali totentha kapena ayi, mundiuzenso sikuluwu imene munapotokola ndi ma rev amene injini inaonetsa TEN ndi GND zitalumikizidwa.