Magulu a makolo a ana olumala: mmene ena anayambira

Amayi, mwafunsa ngati kagulu kanu ka ku Kanyama mu Lusaka, ka makolo a ana olumala, kangafike patali popanda wokupatsani ndalama, ndiponso ngati alipo ena anayamba chonchi. Alipo ndithu.

Ku England mu 1946, mayi Judy Fryd, amene mwana wake wamkazi anabwezedwa kusukulu, analemba kalata m'magazini ya Nursery World kuitana makolo anzake. Amene anayankha ndiwo anayambitsa bungwe lomwe lero limatchedwa Mencap. Nthawi imeneyo lamulo linkalola kuti mwana alembedwe kuti ndi wosaphunzitsika, n'kumusiya kunja kwa sukulu. Makolowo anakakamira nkhani imeneyi mpaka lamulo la 1970 linachotsa zimenezo. Zaka 24, amayi, akugogoda khomo limodzi.

Ku America nakonso timagulu ta makolo tinakumana ku Minneapolis mu 1950 n'kupanga bungwe limodzi, lomwe kuyambira 1992 limatchedwa The Arc. Nthambi yake ya ku Pennsylvania inasumira boma mu 1971 chifukwa chokaniza ana sukulu, ndipo mlanduwo unathandiza kubweretsa lamulo la dziko lonse la 1975 lotsegulira ana olumala masukulu a boma.

Inu muli ndi chimene iwo analibe. Dziko la Zambia linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo lamulo lathu la 2012 limaletsa tsankho, ngakhale pa maphunziro. Lamulo lilipo kale, chatsala n'kulifikitsa pageti la sukulu.

Yambani ndi buku limodzi la kaundula. Mwana aliyense akhale ndi tsamba lake: zaka, vuto lake, ngati ali pasukulu, ngati ali ndi khadi la ZAPD (bungwe la boma loona za anthu olumala), ndi amene amakhala naye masana. Mukapita kwa DEBS, mkulu woyang'anira masukulu m'boma lanu, n'kunena kuti ana athu akuvutika, adzakumverani chisoni basi. Koma mukatsegula buku n'kuwaonetsa mayina a ana amene abwezedwa chaka chino, ndi masukulu amene anawabweza, nkhani imasintha. Ahedi akakana mwana, pemphani mwaulemu kuti alembe chifukwa chake papepala. Ambiri amayamba kuganiza kawiri.

Kulembetsa si kovuta kwambiri. Mukhale osachepera 10, mulembe malamulo a gulu, musankhe komiti, mupite kwa Registrar of Societies, kenako mukadziwike ku ZAPD.

Chimene chimapha magulu otere kawirikawiri ndi ndalama. Musasakanize chilimba ndi thumba la bungwe, chifukwa mmodzi akalephera kubweza, mkangano umalowa m'misonkhano ya ana. Ku akaunti kukhale osayina atatu, awiri azisayina nthawi zonse, ndipo ndalama zisamasungidwe pa foni ya wapampando ngakhale ndi munthu wokhulupirika chotani. China ndi malo okumanira. Mayi wobereka kumbuyo mwana wa zaka 9 amene sayenda sangakwere mabasi awiri kupita m'tauni mwezi uliwonse. Adzabwera kawiri, kachitatu simudzamuonanso, ndipo ndi iyeyo amene gululi likumufuna kwambiri. Kumanani mukomboni momwemo, patchalitchi kapena pakiliniki, ndipo azibambo muwapatse ntchito yeniyeni, monga kuperekeza makalata kumaofesi.

Pali chinthu chimodzi chimene anzathu aja anachizindikira mochedwa. Bungwe la ku America linali ndi mawu oti "ana" m'dzina lake mpaka 1973, pamene linasintha kukhala "nzika", chifukwa ana aja anali atakula ndipo ankafuna ntchito, nyumba, ndi kudzilankhulira okha. Polemba malamulo anu, musaike malire a zaka, ndipo musiye mipando iwiri mukomiti ya achinyamata olumala eni ake. Mwana amene mwamubereka kumbuyo lero adzafunika mpando umenewo.