Ngongole ya bambo a kunyumba ingandilepheretse kubwereka?

Funso: Ndimagulitsa kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo, ku Mbare mu mzinda wa Harare. Ine ndi bambo a kunyumba tikufuna kubwereka ndalama zoodera mabelo ambiri, koma iwo ali ndi ngongole yomwe anasiya kubweza ntchito itawathera. Kodi dzina langa nalo laipa? Ndine mayi wa ku Mufakose.

Yankho: Mtima m'malo, mayi, dzina lanu silinaipe. Kuyambira 2017, Reserve Bank of Zimbabwe imasunga kaundula wa ngongole wotchedwa Credit Registry, ndipo mabanki amayamba ayang'ana mmenemo asanabwereketse munthu. Aliyense ali ndi mbiri yakeyake. Komanso pa malamulo a dziko lino, ukwati pawokha suphatikiza chuma cha awiriwo, choncho ngongole ya bambo ndi ya bambo, pokhapokha ngati munasainirapo.

Vuto limayambira pa fomu. Mukalemba mayina awiri, banki imafufuza nonse, ndipo ikaona banga la bambowo ikhoza kukukanizani, kukupatsani zochepa kapena kufuna chikole chokulirapo. Ikavomera, mapangano ambiri amati aliyense wa inu ali ndi udindo pa ngongole yonse, osati theka. Bambo akadzalephera, odzagogoda pakhomo adzafuna inu.

Ine ndikanati mupemphe nokha. Ndikudziwa, ena anganene kuti mukuwadumpha amuna anu, koma bizinesiyo ndi yanu ndipo dzina loyera m'nyumbamo ndi limodzi lokha. Khalani nawo pansi muwafotokozere bwino. Popita ku banki tengani kabuku kanu kaja kolembamo mabelo ndi zimene mwagulitsa, pamodzi ndi sitetimenti ya EcoCash, akaunti ya ndalama ya pa foni. Ngati mulibe nyumba yoti ikhale chikole, dziwani kuti kuyambira 2022 kuli kaundula wa katundu wosunthika, moti makina osokera kapena galimoto zikhoza kulembedwa ngati chikole.

Bambo nawo asamabisale. Apite kumene anakongolako akagwirizane zobweza pang'onopang'ono, ndipo akamaliza atenge kalata yotsimikiza kuti atha, mbiri yawo ikonzedwe. Kukatenga katapila, amene anzathu achishona amati chimbadzo, kuti atseke dzenjelo, kumeneko ayi.

Malisiti a firiji, wailesi yakanema ndi chilichonse chimene munagula ndi ndalama zanu asungeni m'dzina lanu. Nkhani ya bambo ikakafika kukhoti, Messenger of Court, mthenga wa khoti wolanda katundu wa angongole, amalemba katundu amene wamupeza m'nyumba, ndipo inu mudzafunika kuonetsa kuti firijiyo ndi yanu.