Kahamster katupa mwendo: yang'anani ulusi kaye, makapisozi asiyeni

Achemwali, mwati kahamster (kanyama koweta konga mbewa) ka mwana wanu, ka miyezi iwiri, katupa mwendo wakumbuyo kuyambira dzulo, kakutsimphina, ndipo mukuganiza zokasungunulira kapisozi wa amoxicillin amene anatsala m'nyumba. Chonde musayerekeze. Ife tinazolowera kuti chotupa chilichonse ndi makapisozi, koma kwa hamster amoxicillin, ampicillin, penicillin, erythromycin ndi clindamycin ndi chiphe. Amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, n'kusiyira malo tina totchedwa Clostridium, ndiye kamatsekula m'mimba n'kufa m'masiku ochepa. Mbira nazo ndi chimodzimodzi, kwa amene amaweta kumudzi. Panado ndi Brufen nazonso zibwezereni m'kabati.

Chochita usiku uno ndi ichi. Kakulungeni m'kathawulo, muyatse tochi ya foni, muunike mwendowo kuyambira kuntchafu mpaka kuzikhadabo, mukupatula ubweya. Mukufuna ulusi. Zogonera zofewa ngati thonje zija amagulitsa m'mashopu a ziweto zimaoneka zokoma, koma timaulusi take timazenga mwendo n'kutseka magazi. Tsitsi lalitali ndi la mesh limachitanso zomwezo, ndipo m'nyumba mwathu sililephera kugwa pansi pamene ana akuseweretsa kanyamako. Chizindikiro chake n'chakuti kutupa kumayambira pamzere umodzi kutsika kuphazi, phazi n'kumazizira kapena kuda. Ulusi ukamaoneka bwino, udulani ndi kasizasi kakang'ono wina atakugwirirani. Ukakhala kuti walowa m'mnofu musaukoke, thamangirani kwa dokotala, chifukwa phazi lotsekedwa magazi silidikira mawa.

Mukapanda kupeza ulusi, ndiuzeni za wilo imene kamathamangamo m'khola. Ngati ndi ija ya mawaya yokhala ndi mipata, ine ndikukayikira kuti kathyoka. Timafupa take ndi towonda ngati ndodo ya machesi. Phazi likakodwa pampata wilo ikuzungulira, basi. Kugwa kuchokera m'manja mwa mwana kapena kukwera mawaya a khola kumathyolanso. Mwendo wothyoka umalendewera kapena kupindika mosayenera, ndipo kamaukwakwaza.

Simunanene ngati kali kokha. Hamster wa mtundu waukulu uja wa ku Syria safuna mnzake m'khola. Akafika milungu 8 kapena kuyandikira pamenepo, ngakhale obadwa mimba imodzi amayamba kulumana, makamaka usiku inu mutagona. Bala la mano limatseka msanga pamwamba, mkati n'kupanga chithupsa chotentha cha mafinya. Musachifinye. Alekanitseni lero lomwe. Koma ngati zofiira ndi zilonda zili pansi pa mapazi onse, vuto ndi pansi pa khola pa mawaya kapena zogonera zonyowa ndi mkodzo. Kutupa kwa matenda a mtima kapena impso kumagwira kwambiri tokalamba, ndiye kwa ka miyezi iwiri sindingayambire kumeneko.

Zonsezi zikuthera kwa a vetenale mawa m'mawa. Abale akumudzi aseka ndithu akamva kuti mwapita ndi mbewa kuchipatala pamene kwa iwo ndi ndiwo, koma mwana wanu saiona choncho. Poti muli ku Johannesburg, imbani foni kaye mufunse ngati amaona tinyama tating'ono totere, ena amati exotics, chifukwa si dokotala aliyense wa agalu amene anatizolowera. Ndalama zikavuta funsani ku SPCA yapafupi, bungwe loteteza zinyama. Akakayeza pa sikelo ya magalamu, popeza kanyama ka magalamu 100 mlingo wa mankhwala sapenekera, mwina n'kujambula x-ray. Kawirikawiri pa ululu amapereka meloxicam, ndipo pakakhala mafinya amatsuka bala n'kupereka enrofloxacin, amene ambiri amawadziwa kuti Baytril.

Musadabwe akapanda kumanga bandeji. Hamster amaitafuna n'kudzivulaza. Fupa lothyoka khungu lisanaboke limagwirana lokha bola kasamathamange: chotsani wilo, makwerero ndi nsanja, kakhale m'bokisi la pulasitiki losalala m'mbali koma lolowa mpweya, mutayala tishu wosanunkhiritsa wong'ambang'amba, chakudya ndi madzi pafupi. Milungu inayi kapena kuposerapo, ngakhale kazioneka ngati kachira. Fupa likatulukira kunja kapena phazi litafa, dokotala angati adule mwendo. Zimamvetsa chisoni, komabe tinyamati timayenda bwinobwino ndi miyendo itatu.

Kakasiya kudya, kakamangodzipinda pakona, kapena kumatako kukanyowa, musadikirenso kuti kuche. Kakadzachira, wilo ya mawaya ija itayeni, mugule yosalala yopanda mipata, ya masentimita 28 kapena kuposa ngati ndi ka ku Syria.