Auzeni ana, asadzamvere kumanda ngati ine

Achemwali, zoti muwauze ana kapena ayi kuti agogo awo akale anali akapolo, ine ndikuti auzeni, ndipo auzeni ndi pakamwa panu. Ine ndinamvera kumanda, bokosi la mayi anga lili pansi, ndipo manja akunjenjemera pamene ndikulemba izi.

Mayi anamwalira m'dzinja, tinawatenga ku Lilongwe kupita nawo kumudzi ku Nkhotakota. Adzukulu analawira kukakumba pafupi ndi mtengo waukulu pamene pamagona akubanja la amfumu, poti ife tinakula tikudziwa kuti ndife mbumba imodzi. Dzenje litafika m'chiuno, anafika agogo ena aamuna ndi ndodo yawo, n'kuloza adzukulu aja. Amvekere kwirirani, pano pamagona eni mudzi, mbumba ya kapolo malo ake ndi kuseri uko. Amayi a mpingo anasiya nyimbo pakati. Ine ndinayang'ana azakhali, iwo n'kuzyolika, chitenje chili kukamwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa, achemwali, mudzi wonse unkadziwa kupatula ife ana a malemu. Anakwirira dzenje lija tikuona, n'kukayamba lina kumapeto kwa manda, kuthengo kwenikweni. Mvula inayamba, madzi akudzaza m'dzenje, anyamata akukapa ndi ndowa, bokosi talifunditsa pulasitiki. Mchimwene wanga wamng'ono ankangondifunsa kuti achemwali akuti chiyani agogowa, ine ndilibe choyankha.

Usiku pasiwa ndi pamene azakhali anandiuza. Agogo awo a agogo anga anagwidwa ali kamtsikana cha kumtunda ku Kasungu, n'kuwatsitsira kunyanja kwa Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo ku Nkhotakota. Miyendo inali zilonda zokhazokha, ndiye amalonda anaona kuti sakafika. Bambo wina wa m'mudzimo anawagula ndi nsalu, kenako n'kuwasandutsa mkazi wake wamng'ono.

Ena muno mumaganiza kuti ukapolo ndi nkhani ya ku America basi. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa anthu kupita tsidya lija la nyanja. Kuchoka apo unali ulendo wa pansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, doko la ku Tanzania, amuna goli lili m'khosi, amayi atawamanga chingwe chimodzi, mwana kumsana katundu pamutu. Wofooka ankamusiya kapena kumupha panjira pomwepo. Kazembe wa Britain ku Zanzibar anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera dera la nyanja yathu ino ankadutsa ku Zanzibar chaka chilichonse, ndipo amenewo ndi okhawo amene anafika amoyo. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873 koma kuno malonda anapitirira, mpaka Mlozi, wamalonda a akapolo wa kumpoto, anapachikidwa ku Karonga mu 1895. Si kale kwambiri ayi.

Otsala kuno ngati agogo athuwo moyo wawo sunali wofewa. Kulima, kusinja, kutunga madzi, kubereka, zonse za mwini. Pachikhalidwe chathu mkazi amadalira malume ndi alongo ake, koma kapolo analibe malume woti amuyankhulire, n'chifukwa chake amuna ankakonda kukwatira akapolo, ana sankapita kulikonse. Pakabuka mlandu woti alipe, woyamba kuperekedwa anali iyeyo kapena mwana wake.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi agogo a ndodo aja. Malata a nyumba yawo anagula ndi mayi anga. Zidzukulu zawo ziwiri zinaphunzira sekondale ndi ndalama za mayi anga. Nthawi yonseyo ankati mwana wathu, mwana wathu, shuga ndi sopo akulandira ndi manja awiri. Munthu atatseka maso ndi pamene akumbukira kuti anali kapolo? Ndipo amanyadira chiyani, kuti makolo awo anagula mwana wodwala wa eni ake? Manyazi akanayenera kukhala kwa iwowo. Amfumu nawo anangokhala duu pampando, chipepeso atalandira kale. Mayi anganso ndimawadandaula, ankadziwa zonsezi koma anatisiya tikalowe m'moto tili chimbulimbuli.

Ndiye khalani nawo pansi anawo, muwauze bwinobwino, ndipo mukapeza mpata mupite nawo ku Nkhotakota akaone mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, aone kuti nkhaniyi si ya banja lanu lokha. Koma muwalangize kuti zisatuluke pakhomo. Akuchimuna kapena akuchikazi asamve ukwati usanachitike, chifukwa ndaona chinkhoswe chikutha pa nkhani yomweyi. Musapitenso kukafunsafunsa akuluakulu kumudzi, mungodzutsa zimene zinagona, mawa n'kukulandani munda. Ngati aliko ang'onoang'ono, dikirani akule kaye, mwina mpaka amalize sukulu. Ndipo ngati muli ndi kangachepe gulani malo anuanu, mapepala akhale m'dzina lanu, ndiponso mukambirane ndi ana mudakali moyo za kumene mukufuna kudzagona.