Namwino Wasankhidwa Kulankhulira Ana: Ayambire Pati?

FUNSO: Ndine namwino wa m'wodi ya ana, ndipo anzanga m'bungwe lathu la anamwino andisankha kutsogolera komiti yolimbikitsa boma kukonza mfundo za umoyo wa ana. Kusamalira odwala ndimakudziwa, koma kukumana ndi akuluakulu a unduna kukundichititsa mantha. Kodi ndiyambire pati?

YANKHO: Yambirani pa zimene maso anu amaona. Akuluakulu a unduna amawerenga malipoti, pamene inu mwagwirapo mwana wa chibayo usiku, makina a mpweya atagawiridwa kale kwa ana ena, mayi ake akukuyang'anitsitsani. Umboni woterewu ulembeni mosatchula dzina la mwanayo, ndipo pemphani anzanu a m'zipatala zina kuti nawonso awerengere m'makaundula awo, chifukwa dandaulo lopanda manambala limaiwalika msonkhano usanathe.

Musanyamule nkhani zambiri nthawi imodzi. Sankhani imodzi, komiti ivomereze, ndiye muilembe m'kalata ndi kuipereka m'dzina la bungwe lonse, osati m'dzina lanu. Pamenepa ndi pomwe atsogoleri atsopano ambiri amaterereka, ndipo abwana akuntchito amayamba kuwaona ngati oukira.

Pomaliza kalata yanu, tchulani Gawo 24 la Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la 1989, lomwe limakakamiza mayiko amene analivomereza kuchepetsa imfa za makanda ndi ana. Kalatayo ifike ku komiti ya zaumoyo ya nyumba ya malamulo bajeti isanakambidwe, popeza ndalama zikagawidwa kale mudzangouzidwa kuti mudikire chaka chamawa.