Mchimwene wanga wavulala ubongo: kodi msonkhamsonkha tiuyambe bwanji?

Mayi ena a ku Lilongwe andilembera pa imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhe pano popanda kutchula dzina lawo. Mchimwene wawo wamng'ono anagwa pa njinga yamoto ya kabaza itawombana ndi galimoto, anamenyetsa mutu pamsewu, ndipo anakhala chikomokere kwa masiku angapo. Tsopano watsala pang'ono kutuluka m'chipatala, koma akuyenda movutika, akuiwala zimene wauzidwa kumene, komanso akupsa mtima msanga. Ndalama zimene abale anasonkha zatha, ndipo ena akulimbikitsa kuti zithunzi zake ali gone pabedi ziikidwe pa Facebook kuti anthu agwidwe chisoni. Mayiwa akufunsa kuti ayambire pati, ndiponso apemphe ndalama zingati.

Pepani mayi ndi zimene zakugwerani. Choyamba chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti msonkhamsonkha umene tinauzolowera kwathu kuno ndi wa maliro: uthenga ukangomveka anthu amathamanga, wina ufa, wina nkhuni, wina ndalama, ndipo pakatha masiku atatu aliyense amabwerera kwawo. Kuvulala kwa ubongo sikuyenda choncho. Anthu amapereka mowolowa manja wodwala akadali chikomokere, chifukwa nthawi imeneyo aliyense akuopa kuti amwalira, koma tsiku limene watuluka m'chipatala amayamika Mulungu kuti wachira, n'kuiwala. Chonsecho m'zipatala za boma chithandizo chambiri n'chaulere, ndipo ndalama zenizeni zimayamba kutuluka munthu akafika kunyumba. Madokotala amanena kuti kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira, ndipo wodwala amatha kupitirizabe kupeza bwino pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Choncho musapemphe ndalama za sabata ino zokha. Konzekerani chaka chathunthu.

Musanapemphe kwa wina aliyense, khalani pansi ndi dokotala komanso a mafizo, ndipo muwafunse mafunso olunjika. Kodi wodwalayu azibwera kangati pa mwezi kudzaonedwa? Kodi mafizo azichita kangati pa sabata, ndipo kuti? Kodi afunika chikuku kapena ndodo? Afunseninso za mankhwala a khunyu, popeza ena amene avulala kwambiri m'mutu amayamba kugwa khunyu ngakhale patapita miyezi, ndipo mankhwala monga carbamazepine kapena phenobarbital sayenera kudukizidwa. Ngati tsiku lina sapezeka pa chipatala, mudzafunika kugula ku famase, ndiye ndalama yake ikhalepo. Ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chili pa Kamuzu Central, ndipo ku Blantyre kuli malo a mafizo a Kachere pafupi ndi Queen Elizabeth. Madokotala ndiwo angakuuzeni kumene kuli koyenera m'bale wanuyo.

Mayankho amenewa ndiwo akupatseni chiwerengero. Pamwamba pake muwonjezepo mayendedwe a anthu awiri, chifukwa munthu woiwalaiwala sangakwere minibasi yekha, ndipo pa kabaza sayenera kukweranso msanga. Muwonjezeponso chakudya, matewera ngati akufunika, lendi ya nyumba ngati iye ndiye ankalipira, ndi fizi ya ana ake. Chinthu chimene mabanja ambiri amachisiya ndi gadiyani. Kawirikawiri amakhala mayi, mkazi kapena mlongo amene wasiya geni yake ya tomato kapena ntchito yake kuti azisamalira wodwala usana ndi usiku, ndipo palibe amene amafunsa kuti iyeyo akudya chiyani. Ine ndikuona kuti kumuika pa bajeti si kuba ndalama za wodwala ayi, chifukwa gadiyani akatopa ndi kugwa mphwayi, mafizo onse amathera pomwepo.

Kapemphedwe kake, ndikulangizani kuti mufune anthu olonjeza kupereka pang'ono mwezi ndi mwezi m'malo modalira chopereka chachikulu cha tsiku limodzi. Anthu 40 opereka K5,000 aliyense pa mwezi akupatsani K200,000 mwezi uliwonse, ndipo ndalama yotereyi mutha kuikonzera dongosolo, pomwe miliyoni yobwera kamodzi imakopa mavuto ena a pabanja amene sakukhudzana ndi matendawa. Yambirani kwa amene akumudziwa: akumpingo, kaya ndi a Mvano, a Dorika kapena a mphakati, anzake a kuntchito, amene anaphunzira naye sukulu, ndi a banki m'khonde ngati iye kapena mkazi wake ali m'gulu lotero. Pepa Sande kapena ndawala zitha kuthandiza pa chinthu chimodzi chodula monga chikuku. Ndipo amene alibe ndalama musawasiye, pakuti wina atha kupereka thumba la chimanga, wina kunyamula wodwala pa galimoto yake Lachiwiri lililonse, wina kudzakhala naye Loweruka kuti gadiyani apumeko.

Ndalama zimadanitsa abale kuposa matenda, ndiye pano samalani kwambiri. Sankhani anthu atatu, mmodzi akhale wa kunja kwa banja, monga mkulu wa mpingo. Pakhale nambala imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya Mpamba, kapena akaunti imodzi ya ku banki, zimene sizikugwira ntchito ina iliyonse, osati nambala imene msungichuma amaguliranso magetsi a kunyumba kwake. Kumapeto kwa mwezi uliwonse lembani pa gulu la WhatsApp zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala, ndipo malisiti muziwajambula. Munenenso kuyambira pachiyambi kuti ndalama zikadzatsala, kapena zinthu zikadzasintha, zidzagwira ntchito yanji. Abale a ku Johannesburg atha kutumiza kudzera ku Mukuru. Za GoFundMe, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, dziwani kuti munthu wokhala ku Malawi sangatsegule yekha. Pamafunika m'bale wokhulupirika wokhala ku dziko ngati Britain kapena America, ndipo mugwirizane naye polemba za mmene azitumizira ndalamazo.

Pa nkhani ya zithunzi, yankho langa ndi lakuti ayi. Mchimwene wanu pakadali pano sangathe kuvomera kapena kukana mozindikira, koma tsiku lina adzatsegula foni, adzafuna ntchito, ndipo ana ake adzakula n'kupeza chithunzi cha bambo awo ali ndi machubu m'mphuno chikuzungulirabe. Komanso akamberembere amatenga zithunzi zoterezi n'kuikapo nambala zawo. Gwiritsani ntchito chithunzi chake ali bwinobwino, fotokozani mwachidule zimene zinachitika ndi zimene zikufunika, ndipo za kupsa mtima ndi kuiwala musazilembe pagulu, chifukwa anthu sachedwa kunena kuti wapenga kapena walodzedwa, pomwe zimenezi ndi zizindikiro zodziwika za ubongo wovulala. Akuchipatala mungawauze zonse, koma dziko lonse ayi.

Pali khomo lina limene simunalitchule m'kalata yanu. Malamulo a pamsewu m'dziko muno amafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene yawavulaza, choncho tengani lipoti la apolisi ndi lipoti la chipatala, sungani buku lake la kuchipatala ndi malisiti onse, ndipo mukaonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ngati ngoziyo inachitika ali pa ntchito ya abwana ake, kafunseninso ku ofesi ya zantchito za chipukutamisozi. Nkhani zimenezi zimatenga nthawi yaitali, ndiye musaziwerengere pa bajeti ya chaka chino, koma mapepalawo yambani kuwatolera sabata ino asanatuluke m'chipatala.